Musanatuluke ndi mafomu ku Bangwe, yambani mwadziwa amene amakhala kuseri

Funso: Ndine mlembi wa kagulu ka amayi a mpingo wathu kuno ku Bangwe. Tapeza kandalama kochepa koti tithandizire pa zaumoyo ndi mavuto a m'mabanja m'dera lathu, koma otipatsawo akuti tiyambe tafufuza kuti mavuto enieni ndi ati. Takonza fomu ya mafunso 86 ndipo achinyamata 10 avomera kuyenda khomo ndi khomo. Tiyambire pati, nanga tifunse nyumba zingati?

Yankho: Mayi, fomuyo ibwezereni kaye m'chikwama. Sindikuti ndi yoipa, sindinaione n'komwe, koma mathero a mafunso 86 ndimawadziwa. Pofika pa funso la 30, mayi wa pakhomopo maso ali pa mbaula, nyemba zikupserera, ndipo akungoti "eya, eya" kuti muchoke msanga. Ndagwira ntchito ya zaumoyo wa m'madera muno mu Blantyre kwa zaka zambiri, ndipo kafukufuku amene ndamuona akugwa chagada, kawirikawiri sagwa chifukwa cha mafunso. Amagwa chifukwa amene anayenera kufunsidwa sanafikiridwe.

Kumudzi ntchitoyi ndi yosavutirapo. Anyakwawa amadziwa aliyense, ndipo amene munamupeza chaka chatha mukamupezanso pomwepo chaka chino. M'tauni muno si choncho. Ndikukumbukira tsiku lina ndili wongoyamba kumene ntchito, tikuyenda m'dera lina la m'mbali mwa phiri. Ine ndinkawerenga mageti: geti limodzi, banja limodzi. Pakhomo pena anatilandira bambo aulemu wawo, anatitulutsira mipando, n'kuyankha zonse bwinobwino. Chimbudzi chilipo, madzi amatunga pafupi, ana onse ali pa sukulu. Ndinalemba n'kutsanzika. Mlangizi wa zaumoyo amene ndinali naye, mayi wachikulire ndithu, sanandidzudzule. Anangoti, "Achimwene, tiyeni tidutsire uku," n'kundilowetsa pa kampata koti munthu umadutsa cham'mbali, pakati pa khoma ndi bafa la masaka. Kuseriko kunali mdadada wa zitseko 7, mbaula 7 zili panja, ana ali yakaliyakali. Chimbudzi chinalipodi, chimodzi, chokhoma ndi loko, kiyi ali ndi akazi a landilodi. Usiku ana ankadzithandizira m'kachigubu kodula pakamwa, mamawa n'kukakhuthulira mu ngalande. Pa fomu yanga panali patalembedwa kale kuti pakhomopo ukhondo ulipo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga mbaula, osati mageti. Banja ndi anthu amene amakhala pamodzi n'kumadyera mphika umodzi, ndipo ndi mmenenso amawerengera a ofesi ya kalembera ku Zomba. Anthu a lendi amenewa ndi amene sapezeka pa mndandanda wa wina aliyense. Amfumu sawadziwa bwino poti sanagule malo, a block leader amawatenga ngati odutsa, ndipo ku mpingo kwanu mwina sabwera n'komwe. Komatu matenda, njala ndi ngongole zimaunjikana kumeneko. Kafukufuku wanu yense mumukonze ndi cholinga choti apeze anthu amenewa, zina zonse zibwera pambuyo.

Nthawi yoyendera nayo imasankha anthu. Mukayenda Lachiwiri cha m'ma 10 koloko mupeza agogo, odwala, ndi amayi amene amuna awo ali pa ntchito ya pamwezi. Mayi wogulitsa tomato anatsetsereka kale kusanache kukapikula ku msika wa Limbe, bambo wa maganyu anatuluka 5 koloko, ndipo chitseko chawo n'chokhoma. Mukachidumpha n'kugogoda pa chotsegula cha pafupi, mwataya banja losaukitsitsa n'kulowetsamo lopezako bwino. Bwererani pa chitseko chokhomacho mpaka katatu, madzulo, Loweruka masana, kapena Lamulungu anthu ataweruka ku tchalitchi. Abambo ndiye muwatsatire komwe ali, pa siteji ya kabaza, pa bawo, pa malo ometera. Iwowa ndi amene amachedwa kwambiri kupita kuchipatala ndi chifuwa chachikulu, ndipo pakhomo simudzawapeza.

Musanagogode pakhomo la munthu, gogodani kaye pa maofesi. Onanani ndi akhansala a wodi yanu, amfumu ndi ma block leader, kenako mupite ku chipatala cha Bangwe mukapemphe kuonana ndi amene amayang'anira alangizi a zaumoyo. Mwina adzakuuzani kuti mutenge kalata ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre, ndipo katengeni osanyinyirika. Ngati okupatsani ndalamawo akufuna kudzasindikiza zotsatirazo ngati kafukufuku wa maphunziro, pamafunikanso chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo. Mlangizi wa m'dera lanu ndiye nkhokwe yanu. Boma limafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale kuti ambiri m'tauni muno asenza oposa pamenepo, koma amadziwabe njira zonse zodutsira, zitsime zimene anathirapo klorini, ndi makomo amene munatuluka kolera. Kuchipatalako pemphani ziwerengero za miyezi 12 yapitayi, popanda maina: ana otsegula m'mimba, a chibayo, a malungo, amene analowa pa ndondomeko ya chiponde, atsikana osakwana zaka 18 amene anayamba sikelo ya oyembekezera.

Ziwerengero zimenezo muziwerenge ndi diso limodzi lotsegula kwina. Zimangonena za amene anafika. Mwana akatentha thupi usiku, mayi ambiri amayamba agula Panado pa okala, mawa lake Bactrim wa ma tabuleti anayi, ena kwa aneneri, ena ku kachipatala kolipira. Pa mapu tauni imaoneka ngati ili pabwino chifukwa chipatala chili pafupi, ndipo n'chifukwa chake makiliniki a m'mudzi, amene alangizi amaperekerako mankhwala a ana, anakonzedwera madera akutali. Koma kwa mayi wa geni, kutalika kwa chipatala si makilomita ayi. Ndi tsiku lonse pa mzere, tomato akuvunda, madzulo osagula ufa. Akamutumiza ku Gulupu, paja Blantyre alibe chipatala chake chachikulu cha boma kupatula Queen Elizabeth yemweyo, ndi minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera. Chimodzimodzinso kalembera wa 2018, amene anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre. Ndi chiwerengero chabwino poyambira, koma chakalamba, ndipo chiwerengero chilichonse cha mzinda wonse chimasakaniza Namiwawa wa opeza bwino ndi Ntopwa wa ovutika mu mphika umodzi.

Kenako yendani wapansi, opanda fomu. Tengani anthu anayi kapena asanu, mlangizi, mayi wa lendi, wachinyamata, ndi wachikulire amene wakhalitsa, muyambire ku msewu wa tala kukwera mpaka nyumba yomaliza ya kuphiri, mutsikire njira ina mpaka ku mtsinje. Jambulani mapu pa pepala lalikulu. Ikanipo kiyosiki iliyonse ya madzi, mulembe ngati tsikulo madzi akutuluka ndi mtengo wa ndowa imodzi. Ikanipo zitsime, mitaya ya zinyalala, ngalande zotsekeka, malo ogulitsira kachasu, sukulu za mkombaphala, ndi nyumba zimene zakhala pansi pa miyala kapena m'njira ya madzi. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, palibenso amene angayese kuti malo amene nyumba yakhala si nkhani ya zaumoyo. Ulendo wa maola atatu umenewu udzakuphunzitsani zambiri, moti theka la mafunso anu 86 mudzalifufuta nokha.

Pa madzi ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mafomu ambiri amanamizidwa popanda wonama. Mukafunsa kuti "Mumatunga kuti madzi akumwa?" aliyense ayankha kuti pa kiyosiki, ndipo akunena zoona. Koma madzi ambiri a mzinda uno amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, amakwezedwa mtunda ndi mapampu a magetsi, ena amachokera ku Likhubula ku Mulanje, ndipo si tsiku lililonse limene amafika pa mpopi uliwonse. Tsiku limene pauma, kapena limene ndalama ya ndowa palibe, anthu amatsikira ku chitsime cha m'mbali mwa mtsinje, kumunsi kwa zimbudzi. Matenda amalowa tsiku limenelo. Ndiye funso lake likhale lakuti, "Sabata yathayi, ndi masiku angati amene simunatunge pa mpopi, nanga masiku amenewo munatunga kuti?" Mupemphenso kuona chosungiramo madzi, ngati n'chovundikira, ndi kapu yotungira ngati ili yakeyake kapena ndi yomweyo imene ana akumwera. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Tayifodi nayenso ndi mnzathu wakale m'madera ngati anuwa. Katemera wake anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018 pa ana oposa 28,000, ndipo mu 2023 analowa m'gulu la akatemera a ana a dziko lonse. Poyang'ana buku la sikelo muone ngati mwana analandira.

Mwaona kale njira yofunsira: funsani za dzulo, za sabata yatha, za masabata awiri apitawa. Mawu oti "nthawi zambiri" achotseni pa fomu. Munthu ukamufunsa kuti amadya kangati pa tsiku, ulemu wake umamuuza kuti anene katatu. Koma mukati, "Dzulo madzulo ndiwo zinali chiyani? Nanga masana?" mumva kuti masana ana anangodya mbatata, madzulo anagula kawokumani ka ufa ndi bonya wa pa mulu. Njala ya m'tauni simatsata nyengo yokolola yokha, imatsata mitengo ya pa msika ndi tsiku la mwezi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri anachotsa chakudya chimodzi pa tsiku popanda kulengeza kwa aliyense. Lembani tsiku limene mwafunsa, chifukwa yankho la pa 3 silifanana ndi la pa 23.

Pali funso limodzi limene ine sindilisiya ngakhale fomu itafupika bwanji: "Pa miyezi 12 yapitayi mwasamuka kangati?" Banja limene lasamuka katatu pa chaka lakuuzani zonse. Lendi ikuwakanika, mwina anathawa usiku ndi ngongole ya miyezi iwiri, mwana wasintha sukulu kapena wangosiya, buku la sikelo linatayika posamuka, ndipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku mwina wadukiza. Tsatizani ndi la ngongole, ngati ali ndi ya katapila kapena ya banki m'khonde imene ikuwasowetsa tulo. Lina lofunika ndi ili: "Pakhomo pano alipo amene satuluka panja?" Mukapanda kufunsa chonchi simudzamuona mwana wolumala amene amagonekedwa kuchipinda alendo akabwera, gogo amene anafa ziwalo, mnyamata wa khunyu, kapena wodwala maganizo amene amatsekeredwa. Mtsikana wantchito wa zaka 13 amene anatengedwa kumudzi satchulidwanso powerenga ana a pakhomo, pokhapokha mutafunsa kuti usiku wathawu munagona anthu angati m'nyumbamo.

Mafunso 25 kapena 30 akukwanirani, oti munthu ayankhe mphindi 20 zisanathe. Funso lililonse mulifunse kaye nokha kuti, tikadziwa yankho lake tidzachita nalo chiyani? Ngati palibe, lifufuteni.

Zoyeza ndi zabwino chifukwa sizichita manyazi. Mlangizi angaphunzitse achinyamata anu kugwiritsa ntchito kalamba koyezera mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5. Kakagwera pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, kapena mwana akatupa mapazi onse awiri, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, fomu idikire. Kupinimbira ndiye sikuoneka ndi maso chifukwa kwafala, poti kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ali opinimbira. BP nayo mungayeze ngati pali namwino wa mumpingo mwanu amene angayende nanu. Kafukufuku wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa atatu alionse m'Malawi muno magazi ake amathamanga, ambiri osadziwa. Koma musayeze chinthu chimene simunakonze kotumiza munthu mukachipeza. Kumuuza gogo kuti BP yawo yakwera n'kuwasiya pakhonde ndi nkhawa, kuli bwino mukanangodutsa.

Zina musazifunse pakhomo n'komwe. Za HIV, za nkhanza za m'banja, za kugwiriridwa, za kuchotsa mimba. Makoma a mdadada ndi opyapyala, landilodi ali pa zenera, mwamuna ali kuchipinda, ndipo wofunsayo ndi mwana wa amayi a kwaya amene onse amawadziwa. Yankho limene mupeze likhala labodza, ndipo mwina mayiyo adzamenyedwa inu mutachoka. Nkhani zimenezi zikambidwe pa timagulu ta anthu 8 kapena 10, amayi paokha, atsikana paokha, abambo paokha, ndipo funso lisaloze munthu. Muziti, "Kuno mayi akamenyedwa amathawira kuti? Mtsikana akatenga mimba ali pa sukulu zimatha bwanji?" Adzakuuzani zambiri, ena akunena za iwo eni mobisalira. Aliyense wa gulu lanu adziwe kolozera munthu amene wadziulula: ku Victim Support Unit ya polisi, ku One Stop Centre ya ku Gulupu, ndi nambala yaulere ya 116 pa nkhani za ana. Achinyamatawo muwasinthanitse madera, wa kumtunda akafunse kumunsi, ndipo muwauze mosapita m'mbali kuti zimene amva pakhomo la munthu zitsale pa pepala. Paja akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Mukangotulukira ndi cholembera, mawu oyamba kumva adzakhala akuti, "Mwabwera kudzatilemba?" M'madera athu kulembedwa dzina kumatanthauza thandizo. Anthu anaona ndalama za nthawi ya Covid mu 2021, anaona ufa ndi mabulangete a pambuyo pa Freddy, ndipo anaphunzira kuti amene sanalembedwe sanalandire. Ndiye wailesi idzabisidwa, ana amasiye adzachuluka, ndipo a block leader ena adzafuna kukutsogolerani ku makomo a abale awo. Musawaweruze, moyo ndi umene unawaphunzitsa. Inu nenani poyera pakhomo lililonse kuti simukulemba maina, palibe chimene munthu alandire chifukwa choyankha, ndipo wosafuna ali ndi ufulu wokana. Mainawo musalembedi, ikani nambala pa fomu. Makomo asasankhidwe ndi munthu. Gawani mapu anu aja m'zigawo, kumtunda, pakati, kumtsinje, m'mbali mwa msewu, ndipo m'chigawo chilichonse muzitenga banja lachisanu kapena lakhumi lililonse, kuwerenga ndi a kuseri omwe.

Tsono nyumba zingati? Mabanja 100 osankhidwa mwa njira imeneyi amakupatsani chithunzi chimene chingaphonye ndi 10 pa 100 mbali iliyonse. Kuti kuphonyako kutsike kufika pa 5 pamafunika mabanja pafupifupi 400, ndipo ndalama yanu ingathere pomwepo. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga pakati pa 120 ndi 150, n'kuika mphamvu pa kusankha bwino ndi kubwerera pa zitseko zokhoma. Achinyamata 10 akuyenda awiriawiri, gulu lililonse mabanja 6 pa tsiku, ndi ntchito ya masiku 5. Apatseni ya nkhomaliro ndi ya sopo, ndipo madzulo alionse mukhale nawo pansi muone mafomu limodzi. Ndinalandirapo mafomu 40 olembedwa bwino kwambiri, mayankho ofanana ngati mapasa, amene anadzazidwa pansi pa mtengo wa mango dzuwa litawawa. Ngati ena ali ndi mafoni amakono, pulogalamu yodzazira mafomu pa foni yotchedwa KoboToolbox ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo imasunga nthawi ndi malo amene fomu inadzazidwira. Koma pepala ndi pensulo nazo zimagwira ntchito.

Mukawonkhetsa, zotsatirazo zibwerere kwa eni ake zisanapite kwa okupatsani ndalama. Anthu a m'madera ngati Bangwe ndi Ndirande afunsidwa kambirimbiri ndi anthu a mafomu amene sanabwererenso, ndipo atopa nazo. Itanani msonkhano, jambulani mavuto 7 kapena 8 amene atuluka pa mapepala, muwayale pansi, mupatse munthu aliyense nyemba 10 kuti aike pa amene akumupweteka kwambiri. A lendi aponye paokha, eni mapuloti paokha, chifukwa pamaso pa landilodi palibe wa lendi amene angaike nyemba pa chimbudzi chodzadza. Mukatero mugawe: izi tingathe ndi kandalama kathu, izi n'za khonsolo ya mzinda, izi n'za Blantyre Water Board ndi komiti ya makiyosiki, izi n'za achipatala. Zimene si zanu muzilembe m'kalata yokhala ndi ziwerengero, akhansala asayinireko, chifukwa ofesi imamva msanga "mabanja 52 pa 130" kusiyana ndi "anthu akuvutika".

Konzekani kudabwa. Pa msonkhano wina wotere ife tinali titatsimikiza kale mumtima kuti nkhani ikhala ya maneti a udzudzu, mpaka tinali titafunsiratu mitengo. Amayi a lendi anadutsa pepala la malungo osaliyang'ana, n'kukaunjika nyemba zawo pa chithunzi cha mwana wokhala yekha pakhomo. Mmodzi anafotokoza kuti akamapita ku geni 4 koloko m'mawa, wa zaka ziwiri amamusiyira wa zaka 7, amene ndiye amayatsa mbaula, kuphika phala, ndi kujomba ku sukulu. Kupsa ndi moto, kutsegula m'mimba, kunyentchera ndi kujomba, zimene ife tinaziika pa mapepala anayi osiyana, kwa iwo inali nkhani imodzi. Ndalama ija inapita ku chipinda cha mpingo chimene chinkangokhala chotseka mkati mwa sabata, mphika waukulu wa phala, ndi amayi awiri osinthana kulera ana kuyambira mbandakucha.